Allion kapena Premio ya banja: zoti muyang'ane musanatulutse ndalama kuno ku Chipata

Munthu wa kuno ku Chipata akafuna galimoto ya banja, ija ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, yokwana makolo ndi ana atatu, nthawi zambiri maso ake amathera pa Toyota Allion kapena Toyota Premio. Zifukwa zake n'zomveka. Masipeya ake sasowa m'masitolo a m'tauni muno, ku Katete ndi ku Petauke komwe, amakaniko anazizolowera, ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa, wogula adzapezeka msanga. Kunsi kwake galimoto ziwirizi ndi imodzi: injini, giyabokosi ndi zonse za kumatayala n'zofanana. Zimasiyana nyali, mabampa ndi zokongoletsa za mkati basi. Premio amaikweza mtengo chifukwa imaoneka yaulemu, koma pamsewu wa maenje chimene chimavuta Allion chimavutanso Premio.

Yatsopano ya ku fakitale kulibe. Toyota inayamba kuzipanga mu Disembala 2001 ndipo inasiya mu Malichi 2021. Wogulitsa akamati "ndi yatsopano iyi, bwana", akutanthauza kuti yangofika kumene kuchokera ku Japan ndipo sinapondepo misewu ya kuno, koma kwawoko inayenda kale zaka zambiri. Ndiye kaya mukuitanitsa nokha, kaya mukugula kwa munthu amene wakhala nayo ku Kapata kapena ku Kalongwezi, mukugula galimoto yakale. Kuwala kwa penti kusakukopeni. Ndalama zanu zili mu giyabokosi, kunsi kwa galimoto ndi m'mapepala.

Werengani nambala ya chesisi, osati zilembo za pa buti

Mibadwo yake ndi iwiri. Woyamba unapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007, ndipo nambala zake za chesisi zili ndi 240 kapena 245. Wachiwiri unayamba mu 2007 ndipo uli ndi 260, 261 kapena 265. Zilembo zonyezimira za pa buti, monga A15, A18 ndi A20 pa Allion kapena F, X ndi G pa Premio, aliyense angathe kugula n'kumata yekha. Chimene sichinama ndi kambale ka fakitale, kamene kamakhala mkati mwa boneti kapena pa chipilala cha pakati pa zitseko, pamodzi ndi nambala yodindidwa pa chitsulo cha galimotoyo. Nambala ziwirizi zifanane ndi ya m'mapepala, chilembo ndi chilembo.

Mukaona NZT240 kapena NZT260, injini ndi 1NZ-FE ya 1,496 cc. Kwa mabanja ambiri iyi ndiyo yoyenera. Ndi injini yomwe ija ili mu Corolla, Probox, Ist ndi Sienta zambiri, moti ikafa, ina yakale yolowa m'malo mwake imapezeka. Mafuta imamwa pang'ono. Pamene imaperewera ndi pa mphamvu: mukadzaza anthu asanu ndi katundu, zitunda za pakati pa Luangwa Bridge ndi Kacholola imakwera ikulira, ndipo kuti mupitirire thiraki pamafunika msewu wautali wooneka bwino kutsogolo. Kwa oitanitsa kunja ili ndi ubwino wina. ZRA imawerengera msonkho wa galimoto zakale potengera mtundu wa thupi, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo 1,496 cc imagwera m'gulu la zosapitirira 1,500 cc, pamene ya 1.8 ndi ya 2.0 zili m'gulu lokwererapo. Mitengo ya msonkhoyo imasintha, choncho funsani ku ZRA nthawi yomweyo imene mukugula.

ZZT240 ili ndi injini ya 1ZZ-FE ya 1,794 cc. Imakoka bwino, koma za zaka zoyambirira zimadziwika ndi kudya oyilo. Timabowo tobwezera oyilo kuseri kwa maring'i a pisitoni timatsekeka ndi mwaye, maring'iwo amamatirira, oyilo n'kumapsera pamodzi ndi mafuta. ZRT260 ndi injini ya 1,797 cc, ndipo kwa munthu woyenda ulendo wa ku Lusaka mwezi ndi mwezi, iyi ndiyo imamuchitira bwino. Zoyambirira zili ndi 2ZR-FE wamba, koma kuyambira 2010 anaikamo 2ZR-FAE, imene pachivundikiro pake analembapo Valvematic. ZRT261 ya 1,986 cc nayonso ndi Valvematic. Injini zimenezi zili ndi kamakina kamagetsi pambali pa hedi koyendetsa katsegukidwe ka mavavu. Kamafuna oyilo woyera wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo kakafa galimoto imatha mphamvu, mtengo wake n'kukhala wowawa.

Imene sitikulangizani ndi AZT240, ya injini ya 1AZ-FSE imene anthu amangoti D-4. Injini imeneyi imapopera mafuta molunjika m'silinda, ndiye mavavu olowetsa mpweya sasambitsidwa ndi petulo monga zimakhalira mu injini zina. Mwaye umaunjikana, galimoto imayamba kunjenjemera ikaima ndi kuzima pa mphambano, ndipo pampu yake ya mafuta si yoti makaniko aliyense n'kuigwira. Mtengo wa galimotoyi umakhala wotsika, ndipo chifukwa chake n'chimenechi. Nambala zothera ndi 5, monga ZZT245 ndi ZRT265, ndi zokoka ndi matayala onse anayi. Zimathandiza pamatope, koma sizinakwezedwe kuposa zinzake, zimamwa mafuta ochulukirapo, ndipo zambiri zimachokera kumadera a chisanu a kumpoto kwa Japan kumene misewu amaithira mchere. Zimenezo muziyang'anitsitsa dzimbiri kunsi.

Injini zonsezi zimayendera tcheni, osati lamba wa tayiming'i. Tcheni sasinthidwa pa sevisi. Chimene chimamusunga ndi oyilo woyera.

Giyabokosi ndiyo imapha thumba

M'badwo woyamba wa 1.5 ndi 1.8 uli ndi otomatiki wamba ya magiya anayi, yolimba ndi yopirira. Ili ndi kandodo koyezera oyilo, ndipo imafuna oyilo wa ATF T-IV. Sololani kandodoko n'kupukutira pa pepala loyera. Oyilo wofiira kapena woderapo pang'ono ali bwino. Wakuda, wonunkha chopserera, akukuuzani kuti mapuleti a mkati anapsa kale.

M'badwo wachiwiri wonse ndi CVT, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira ndalama. Mkati mwa CVT mulibe magiya a mano osinthanasinthana. Muli mapule awiri otseguka ndi kutsekeka, ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pawo. Chimene chimagwira lambayo kuti asaterereke ndi oyilo, amene amafinya mapulewo mwamphamvu, ndipo oyilo wake anamupanga mwapadera kuti chitsulo chizigwirana ndi chitsulo chinzake. Munthu akathiramo ATF wamba wa otomatiki, lamba amayamba kuterereka pang'onopang'ono, n'kumakanda mapule, tizitsulo timene tapalikato n'kumazungulira ndi oyilo mpaka kutseka mavavu a mkati. Galimoto imayendabe miyezi ingapo, mwini wake osadziwa kanthu, ndipo nthawi zambiri ndi m'miyezi imeneyi pamene imaikidwa pamsika. Oyilo woyenera ndi Toyota CVT Fluid TC kapena FE, malinga ndi chaka, ndipo zilembo ziwirizo zimalembedwa pa chitsekerero chothirira pa giyabokosi pomwepo. Mufunseni wogulitsa kuti anathiramo oyilo wanji komanso liti. Akayankha kuti "wofiira uja wa otomatiki", kapena akaonetsa chigubu cholembedwa Dexron, musapitirize kukambirana za mtengo.

CVT ya m'badwo umenewu ilibe kandodo koyezera. Mulingo wake amauyeza kunsi, pa kabowo kosefukira, galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira, oyilo atatentha pakati pa madigiri 35 ndi 45. Ndi ntchito ya makaniko wokhala ndi kompyuta yowerengera kutenthako. Inu poyesa chitani izi. Phazi lili pa buleki, chotsani giya mu P kulowetsa mu D. Igwire pasanathe masekondi awiri, popanda kugunda. Chitaninso chimodzimodzi mu R. Kenako chotsani phazi pa buleki osaponda moto: galimoto iyenera kuyamba kukwawa yokha. Yendani pang'onopang'ono pa liwiro la makilomita 20 mpaka 40 pa ola mukuponda moto mopepuka, mukumvetsera ngati thupi likunjenjemera. Mukafika pa chitunda, pondani moto kwambiri. CVT yabwino imakweza muvi wa injini n'kuusiya pamenepo liwiro likukwera lokha, ndipo zimenezo zisakuopseni, ndi mmene inapangidwira. Yodwala muvi umadumphadumpha, injini imalira koma galimoto osapita, kapena mumamva kulira kwa mluzu kumene kumakula pamodzi ndi liwiro. Matenda amenewa ambiri amaonekera oyilo akatentha, choncho kuzungulira kamodzi pa Saturday Market n'kubwerera sikokwanira. Yendani mphindi 30.

Giyabokosi ina yakale yolowetsa m'malo imapezeka, koma nayonso mbiri yake simuidziwa, ndipo ikaikidwa imafunika kuilumikizanso ndi kompyuta ya galimoto kuti mphamvu ya oyilo iwerengedwe bwino. Galimoto ya CVT yokayikitsa ndi yoisiya, ngakhale atakutsitsirani mtengo.

Pitani m'mawa, injini isanalizidwe

Muuzeni wogulitsa kuti asailize mpaka mutafika, ndipo mukafika ikani dzanja pa injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Tengani makaniko wanu, osati amene wakupezerani wogulitsa, ndipo mumulipire inuyo.

Yambani ndi chitsekerero cha oyilo. Kunsi kwake kukakhala zoyera zonanda, zooneka ngati tiyi wamkaka, madzi akusakanikirana ndi oyilo ndipo gasiketi ya hedi ndi yokayikitsa. Unikani ndi tochi m'bowomo: chitsulo chioneke choyera kapena chachikasu, osati chokutidwa ndi phala lakuda. Tsegulani radiyeta injini ili yozizira, osati yotentha, chifukwa madzi ake amawaula nkhope. Muyenera kupeza madzi a pinki kapena ofiira a Toyota. Madzi a dzimbiri akusonyeza kuti akhala akuthiramo a pampopi kapena a pa mjigo, amene amadya radiyeta ndi pampu ya madzi. Pa injini za 1.8 ndi 2.0 za m'badwo wachiwiri yang'anani mozungulira pampu ya madziyo: zouma za pinki zimene zamatirira pamenepo ndi chizindikiro chakuti yayamba kudontha.

Tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza, kapena dinani batani kawiri osaponda buleki. Nyali ya injini, ya ABS, ya oyilo, ya batire ndi ya airbag ziyake zonse. Imene sikuyaka, wina anaizimitsa dala pofuna kubisa vuto. Mukaliza, zizime zonse pakapita masekondi ochepa. Mvetserani phokoso la poyamba penipeni. Kukhotchola kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kumachokera ku giya ya VVT-i, yosintha nthawi yotsegukira mavavu, imene yayamba kutha. Kukapitirira osaleka, ndi tcheni kapena chomukokera chake. Mnzanu aime kumbuyo ayang'ane ekizozi pamene mukuponda moto. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi mafuta ochuluka, woyera wosatha injini itatentha ndi madzi. Kanthunzi ka m'mawa wa mu Juni kamene kamatha pakapita mphindi zochepa kalibe vuto.

Pali chizolowezi chimene chinafala m'magalaja ambiri: kuchotsa thermostat ndi kulumikiza fani kuti iziyenda nthawi zonse, amati poti kuno n'kotentha. Mukamva fani ikuzungulira kiyi atangotembenuzidwa, ziziritso za mkati zili zozimitsa, dziwani kuti zimenezi zinachitika. Thermostat imatseguka pa madigiri pafupifupi 82 kuti injini izigwira ntchito pa kutentha kwake koyenera. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, ndipo masilinda amatha msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti kawirikawiri amachita zimenezi galimoto itawirapo kale, ndiye funsani kuti chinayambitsa n'chiyani. Makaniko alumikize kompyuta yake awerenge zolakwika, ndipo aonenso ngati sizinafufutidwe posachedwa. Ayeze batire: mavoti 12.4 kapena kuposerapo injini ili chete, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira.

Lowani kunsi

Allion ndi Premio zinapangidwira misewu yosalala ya ku Japan. Mpata wa pakati pa mimba yake ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 16 okha, ndipo ikanyamula umachepa. Galimoto imene yakhala ikuyenda njira za ku Chadiza, Vubwi kapena kumidzi ya ku Lundazi imaonekera kunsi. Ipititseni pa dzenje la galaja kapena pa makina okwezera. Onani sampu ya injini ndi ya giyabokosi ngati zinaphwanyika kapena kumatidwa, paipi ya ekizozi ngati inawotchereredwa, ndiponso ngati catalytic converter, chosefera utsi cha pa ekizozi, ilipo, chifukwa chimenechi chimabedwa kawirikawiri, m'malo mwake n'kuikamo paipi wamba. Mashoko asakhale onyowa ndi oyilo. Mphira zokuta ma CV joint, mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala, zisakhale zong'ambika. Zikang'ambika mchenga umalowa, ndipo mudzamva "ta-ta-ta" pokhota chiwongolero chonse. Gwedezani tayala lililonse litakwezedwa, m'mwamba ndi pansi, kenako uku ndi uku, kuti mumve ma ball joint, ma tie rod ndi ma bearing. Zimenezi ndi zosinthika ndipo mtengo wake ndi wopiririka, ndiye ziwerengeni n'kuzichotsera pa mtengo wa galimoto.

Chimene sichikonzeka bwino ndi chesisi yopindika. Yang'anani zitsulo ziwiri zazitali zotuluka kutsogolo m'mbali mwa injini: makwinya, zowotcherera zatsopano kapena penti wosiyana zikutanthauza ngozi yaikulu. Kwezani kapeti ya m'buti, chotsani sipeya, muone pansi pake. Mipata ya zitseko ndi boneti ifanane mbali zonse, ndipo mabawuti a mafenda asaoneke kuti anagwidwapo ndi sipanala. Kumbuyo, galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo zili ndi chitsulo chimodzi chopingasa cholumikiza matayala awiri. Matayala akumbuyo akamadyeka mbali imodzi, chitsulocho chinapindika ndi katundu kapena dzenje, ndipo alayimenti singachiwongole. Mankhwala ake ndi kusintha chonse.

Mukatuluka pa dzenje, yesani pamsewu wa ku Katete kapena wa ku Mwami. Pa liwiro la 80 mpaka 100 chiwongolero chisanjenjemere ndipo galimoto isakokere mbali. Pondani buleki mwamphamvu pamalo opanda anthu ndi njinga: ikanjenjemera ndi madisiki opindika. Dutsani pa mahampu a m'tauni mawindo ali otsekula kuti mumve kugogoda. Yatsani ziziritso, poti mu Okutobala, makamaka mukatsikira ku Mfuwe, mudzazifuna. Khalaninso kumbuyo inu eni ake. Mipando ya kumbuyo imatsamira ndipo imapindika kuti buti italike, ndipo ndicho chimodzi mwa zinthu zimene galimotoyi imaposera zinzake za msinkhu wake. Yesani malamba onse ndi loko wa ana pa zitseko zakumbuyo.

Makilomita ndi mapepala

Nambala ya makilomita pa dashibodi ndi yosavuta kuibweza. Yerekezani ndi zimene maso akuona: mphira ya pa buleki yothera mbali imodzi, chiwongolero chosalala chonyezimira, mpando wa dalaivala wophwa. Galimoto yolembedwa 60,000 siikhala ndi zimenezi. Kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa mpando kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo kamathandiza kutsimikiza chaka cha galimoto. Kwa yochokera ku Japan, pemphani export certificate, imene imalembedwa makilomita a pa nthawi zimene galimotoyo inayezedwa ndi boma kumeneko. Nambala ya lero ikachepa kuposa ya papepalapo, nkhani yatha. Pepala la ku okushoni limapereka giredi: 4 ndi 4.5 ndi zabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, R kapena RA inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto papepalapo, A ndi kukandika, U ndi kubonyoka, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri.

Pogula kwa munthu wa kuno, White Book ikhale yeniyeni osati fotokope, ndipo dzina lake lifanane ndi la pa NRC ya amene akukugulitsaniyo. Galimoto zambiri zimadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi dzina lisanasinthidwe, ndipo tsiku losintha mudzafunika mwini wake woyamba amene simukumudziwa n'komwe. Pitani limodzi ku RTSA ndi kupolisi kuti nambala za chesisi ndi injini ziyang'anidwe, lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi mboni, ndipo ndalama zomaliza muzipereke kusintha dzina kukuchitika. Fufuzaninso ku PACRA, kumene kuli kaundula wa katundu woikidwa chikole, kuti mudziwe ngati galimotoyo sinatengeredwe ngongole. Onani road tax, fitness ndi inshuwalansi kuti zikutha liti.

Poti tili pafupi ndi malire, pamapezeka galimoto za manambala a ku Malawi kapena Mozambique zogulitsidwa motchipa. Zambiri zinalowa pa Mwami kapena pa Chanida ndi chilolezo cha kanthawi chabe, msonkho wa ZRA sunalipidwe. Mukagula yotere, msonkhowo ndi wanu, ndipo galimotoyo ingathe kulandidwa.

Oitanitsa okha ku Japan akumbukire kuti mtengo wa FOB ndi wa galimoto ili padoko la kwawoko, pamene CIF ikuphatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko lofikira, monga Dar es Salaam kapena Durban. Pamwamba pake pali msonkho, malipiro a ejenti, dalaivala, mafuta ndi kulembetsa ku RTSA. Bungwe la boma loona za miyezo ya katundu la ZCSA limafuna kuti galimoto yakale iyezedwe isanakwere sitima, ndipo yofika popanda satifiketi imeneyo imalipitsidwa chindapusa. Ndalama tumizani ku akaunti ya kampani yokhayo, ndipo mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, imbani foni kaye. Gwirizanani ndi dalaivala za njira imene adzere. Kuchokera ku Nakonde kudzera ku Lusaka ndi makilomita oposa 1,500. Njira yodulira ku Chama ndi Lundazi imaoneka yaifupi pa mapu, koma si ya galimoto yotsika chonchi.

Kwa amene akufunadi yatsopano ya m'sitolo, yoyandikira msinkhu umenewu ndi Corolla ya m'badwo wa 12, imene mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 2,700, chimodzimodzi Allion, koma ndi yotakata kuposerapo. Chimene mukugula pamenepo ndi waranti ndi mbiri yoyera. Musanasaine, funsani kuti warantiyo ndi ya zaka zingati kapena makilomita angati, sevisi muzikachitira kuti, ndipo chingaithetse n'chiyani, chifukwa kukweza galimoto kapena kuipititsa ku galaja ina kungathe kuifafaniza. Ngati sevisi yovomerezeka ili kutali ndi kwanu, ulendo umenewo uwerengereni pa mtengo. Camry ndi Mark X ndi zazikulu ndi zofewa pamsewu wa tala, koma Mark X, imene inasiya kupangidwa mu 2019, ili ndi injini ya V6 ya 2.5 yomwa mafuta ambiri, ndipo ndi yotsika kwambiri moti mahampu a m'tauni muno amaikhula mimba.

Sabata yoyamba mutagula

Musadalire mawu akuti "sevisi ndachita posachedwa". Sinthani oyilo ndi fyuluta yake: 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE zimalowa malita pafupifupi 3.7, ya 2ZR malita 4.2. Oyilo wa 5W-30 ndi woyenera. Wolemera wa 20W-50 amachedwa kufika ku tcheni ndi ku VVT-i m'mawa, ndipo pa injini za Valvematic asayandikire n'komwe. Chifukwa cha fumbi la kuno, sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo fyuluta ya mpweya muziiyang'ana nthawi yomweyo. Oyilo wa CVT amene mbiri yake simukuidziwa asinthidwe ndi wa Toyota weniweni wa m'chitini chosatsegulidwa. Potsitsa kamodzi satuluka yense, wambiri amatsalira mkati, choncho ndi bwino kubwereza pakapita makilomita ochepa, kenako muzisintha pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000. Bwezerani thermostat ngati inachotsedwa, ndipo thirani madzi a pinki a Toyota.

Matayala obwera ndi galimoto ya ku Japan muwaonetsetse. Manambala anayi a m'mbali mwake amanena zaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mano alipo, silodalirika pa tala wotentha wa Great East Road. Olembedwa studless ndi a pa chisanu. Mphira yake ndi yofewa, imatha msanga kuno ndipo siigwira bwino pamvula. Saizi yake ndi 185/65R15 kapena 195/65R15 pa m'badwo wachiwiri, ndipo mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala ka pa chipilala cha chitseko. Sipeya kakang'ono kaja ndi kongokufikitsani pokonzetsa, pa liwiro losapitirira 80. Woyenda maulendo a kumudzi agule tayala lathunthu ndi limu yake. Wailesi zambiri za ku Japan zimathera pa 90 MHz, ndiye masiteshoni a pamwamba pake simungawamve mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera kapena wailesi ina.

Ambiri amakweza galimotoyi ndi ma spacer, tizidutswa toikidwa pamwamba pa mashoko kapena masipiring'i. Masentimita awiri kapena atatu amathandiza pa mahampu ndi m'njira za kumunda. Kupitirira apo ma CV joint amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, mashoko amakokeka mpaka kumapeto, ndipo galimoto imayendera mbali pokhota. Mukakweza, chititsani alayimenti tsiku lomwelo, ndipo chitsulo choteteza sampu ndi chanzeru kuposa kuwonjezera msinkhu.

Kuti mudziwe mmene ikumwera, dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, bwezani trip pa ziro, yendani, dzazaninso pa pampu yomweyo, n'kugawa makilomita ndi malita amene alowa. Thanki yake ndi ya malita 60, ndipo ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Galimoto yathanzi imafika ndi thanki imodzi mafuta n'kutsalako. Ikalephera, yambani ndi mapulagi, fyuluta ya mpweya, sensa ya mpweya ndi thermostat. Potsika mapiri a ku Manenekera ikani giya mu S kapena B, kapena mu 2 pa otomatiki yakale, kuti injini ithandize mabuleki asapse. Mukatitimira m'matope a m'dzinja, musamasinthesinthe D ndi R matayala akuzungulira, chifukwa lamba wa CVT sapirira zimenezo. Pezani anthu akukankheni kapena ikani nthambi ndi miyala kunsi kwa matayala.

Za katundu, ku Japan kulemera kololedwa kwa galimoto yotere amakuwerengera pa anthu asanu a makilogalamu 55 aliyense, kutanthauza makilogalamu 275. Akuluakulu asanu a kuno afikapo kale pamenepo kapena kupitirira. Mukawonjezera matumba anayi a feteleza a makilogalamu 50 m'buti, mwaika makilogalamu ena 200 kumbuyo kwa matayala akumbuyo, ndipo dzenje loyamba limene mugunde lidzapinda chitsulo chopingasa chija ndi kuphulitsa mashoko. Mukakhala awiri m'galimoto, matumba awiri kapena atatu ikhoza kunyamula, limodzi mutaliika pansi kuseri kwa mipando yakutsogolo kuti kulemera kugawike. Feteleza wa munda wonse ndi chimanga cha pokolola zipezereni Canter kapena ngolo.